Za Ana Ogona M'zipatala za Lilongwe, ndi Maiko Amene Ayendako Ali Pakama

M'mabuku a chikumbutso monga ili tizolowera kuwerenga za zinthu zooneka ndi maso: chaka chimene njerwa yoyamba inaikidwa, maina a iwo amene anatema mitengo ya denga, ndi kuchuluka kwa ana a sukulu. Zimenezi nzabwino, ndipo ziyenera kulembedwa. Koma ine ndapatsidwa masamba owerengeka kuti ndinenepo za anthu ena amene maina ao salowa m'mabuku otere, ndiwo ana ang'ono ogona m'zipatala za mudzi waukulu wa Lilongwe. Makamaka za chinthu chimodzi chimene iwo achita ali chigonere, chimene ife akulu tichipenya, tiseka pang'ono, ndi kupitirira. Chinthucho ndi ichi, kuti mwana amene miyendo yake yamkana kufika ngakhale pakhomo, ayenda ndi mtima wake kumka ku maiko akutali.

Inu akatekisiti ndi amai a mpingo amene mumakazonda odwala ku chipatala chachikulu cha Kamuzu, mudzandichitira umboni. M'nyengo ya mango chipinda cha ana chilandira anyamata ogwa m'mitengo. Ndipo wothyoka fupa la ntchafu agonekedwa chagada, mwendo wake utamangidwa ndi chingwe, ndi cholemera chili lende kumapazi, kuti fupa lilumikizane loongoka. Akhala chomwecho masabata angapo. Masiku oyamba alira, nakana phala. Koma mukabweranso sabata lachiwiri mudzampeza atagwira mbale yake ya nsima ndi manja onse awiri, akuipotoza uku ndi uko, milomo ikulira ngati injini; mnzake wa pambali pake wasanduka kondakitala, akuitana anthu a ku Dedza, a ku Tete, a ku Harare, a ku Joni; ndipo timapepala ta mankhwala tasanduka ndalama za ulendo. Sanachoke pakamapo ngakhale phazi limodzi, koma mukawafunsa adzati aoloka kale Zambezi.

Masewera amenewa sanayambe dzulo, ndipo kuti tiwamvetse tiyambire kumbuyo. Kale, zipatala zisanafike m'dziko lino, mwana akadwala anagonekedwa pamphasa pafupi ndi moto, amai ake kapena agogo ake atakhala chakumutu. Tisatame masiku aja kopitirira muyeso: nthomba ndi chikuku ndi malungo zinatha ana osawerengeka, ndipo mizu ya asing'anga inachiza ena, nilephera pa ena. Koma chinthu chimodzi mwana uja sanachisowe, ndicho munthu wokhala naye. Kukada agogo amayamba nthano, nati, "Padangokhala;" ndipo wodwalayo, angakhale mau ake anali otsika chifukwa cha kutentha kwa thupi, amavomera pamodzi ndi abale ake, "Tili tonse." Pomwepo anatuluka m'nyumba yautsi ija, natsagana ndi Kalulu kumka kubwalo la Mkango, kapena natsata mlenje wooloka mitsinje yambiri kukafuna mkazi ku dziko la eni. Mapu sanawadziwe ana aja, koma maiko anali nao ambiri.

Pamene amishoni anafika m'chigawo chino chapakati, anayamba ndi bokosi la mankhwala pakhonde. Nyumba za odwala zinadza pambuyo. A Dutch Reformed anakhazikika pa Mvera m'chaka cha 1889, ndipo chipatala chao cha pa Nkhoma chinayamba mu 1915. Cha Akatolika cha pa Likuni chinatsata mu 1940, ndi cha ku Namitete mu 1959. Poyamba anthu anaziopa nyumba zimenezi, makamaka mpeni wa dotolo ndi mankhwala ogonetsa tulo, pakuti anati, "Munthu angaleke bwanji kumva pomcheka, ngati sanafe?" Ndiponso anamwino anali ochepa, ndi chuma chakuphikira odwala onse panalibe. Chifukwa cha ziwiri izi, mantha a anthu ndi kusowa kwa amishoni, kunaloledwa kuti wodwala adze ndi mbale wake, atasenza ufa, nkhuni ndi mphika, kuti amphikire, amsambitse, ndi kugona pansi pafupi naye. Umo ndimo unakhazikikira mwambo wa odikirira odwala, amene lero tiwatcha magadiyani. Unabadwira m'umphawi, inde. Koma pamodzi ndi amaiwo zinalowanso m'chipatala nthano zao ndi nyimbo zao.

Mudzi wa Lilongwe pa nthawiyo unali waung'ono. Aboma anamanga nyumba zao m'mbali mwa mtsinje, pa dziko la mfumu Njewa, napakhazika pokhala pa bwanamkubwa wa dera lino mu 1904. Pambuyo pake panamangidwa zipatala ziwiri, ndipo maina amene zinatchedwa anena okha mbiri ya masiku aja: Top Hospital, cha kumtunda, chinali cha Azungu, Bottom Hospital, cha kumunsi, chinali cha ife eni dziko. Chakumunsicho ndicho lero chitchedwa Bwaila, ndipo chikali pamalo pake mu Old Town, kufupi ndi msika ndi pokwerera mabasi.

Tsono tiyese kuganizira mwana wogona m'chipatala chakumunsi chija m'zaka za m'ma 1940. Kodi analota za kuti? M'makutu mwake munamveka malole a fodya, ndipo anamva kuti ku Salima kuli sitima ya pamtunda, pakuti njanji inafikako mu 1935. Koma maiko amene maina ao anatchulidwa tsiku ndi tsiku m'mudzi mwao anali Halale ndi Joni, ndiko Salisbury ndi Johannesburg, kumene a Mthandizi ndi a Wenela anatengera amuna kukagwira ntchito m'minda ya Azungu ndi m'migodi. Anaona amalume ake atabwerako ndi sutikesi, njinga ndi chipewa. Anamvanso za ena amene anatchona, osabwera, osalemba ndi kalata yomwe. Mphunzitsi wa ku Nkhoma, Samuel Ntara, analemba za mnyamata wochoka kwao kukafuna ntchito kutali m'buku lake la Nthondo, la mu 1933. Chomwecho ulendo wa m'mtima wa mwana uja sunali wachisekeseke ai. Kawirikawiri unali wakufuna atate ake. Ndipo zoseweretsa za ana zinasintha pamodzi ndi dziko: pambali pa ng'ombe zadothi anayamba kupanga malole a mapesi, ndi pambuyo pake galimoto za mawaya, zokhala ndi chiongolero chachitali chofika m'chiuno. M'chaka cha 1990 mai wina wa ku America amene anakhalako m'dziko muno, Karen Lynn Williams, analembera ana a kwao buku lotchedwa Galimoto. Kotero kuti galimoto ya mawaya ya mwana wa Malawi inafikadi ku America, kumene mwini wake anangolotako.

Tisayese maloto otere utsi chabe. Mnyamata wina wa ku Kasungu anauyamba wapansi kumka kumwera, nagwira ntchito yonyozeka m'chipatala cha ku Hartley, mu Southern Rhodesia; anapitirira ku Joni, naoloka nyanja yamchere kumka ku America, kumene anatsiriza maphunziro a udotolo pa Meharry mu 1937. Za ulamuliro wake wa pambuyo pake anthu anena zosiyana, ndipo si nkhani ya masamba ano. Ndamtchula chifukwa chipatala chimene ana athu agonamo lero chili ndi dzina lake.

Apa ndipatuke pang'ono, ndikutengereni ku England, pakuti kumeneko kunachitika chinthu chimene chidzatithandiza kuzindikira chuma chimene tili nacho. Chipatala choyamba cha ana okhaokha m'dziko lija chinatsegulidwa ku London, mu msewu wa Great Ormond, m'chaka cha 1852, ndi makama 10 okha. Chinakula, ndipo zina zotere zinamangidwa m'midzi yambiri, zaukhondo, za anamwino ophunzira bwino. Koma kwa zaka zambiri lamulo la zipatala zochuluka za kumeneko linali lakuti makolo asakhale ndi ana ao. Kwina analoledwa kudzazonda kamodzi pa sabata, kwina kamodzi pa mwezi, kwina konse ai. Pakuti madotolo anaopa kuti alendo adzalowa ndi matenda, ndiponso anaona kuti mwana alira amai ake akachoka, koma wosazondedwa akhala chete. Iwo anayesa chete uja kukhazikika kwa mtima. Mu 1952 munthu wina, dzina lake James Robertson, anajambula kanema wa kamtsikana ka zaka 2 kamene kanagona m'chipatala masiku 8, amai ake akungobwera kanthawi ndi kuchoka. Naonetsa madotolo kuti chete uja anali wa mwana wotaya chiyembekezo. Ambiri anamkwiyira. Koma mu 1959 bungwe la boma lotsogozedwa ndi Sir Harry Platt linalangiza kuti makolo aloledwe kuzonda ana ao nthawi iliyonse, kuti amai a ana ang'ono agone nao komweko, ndi kuti ana apatsidwe masewera ndi maphunziro m'chipatala momwemo. Taonani, abale: chimene anzeru a ku London anachipeza mu 1959, amai a ku Mitundu ndi a ku Nsaru anali atachichita kalekale, chigonere pasimenti pansi pa kama wa mwana. Azungu anatiphunzitsa zambiri za mankhwala, ndipo tiyamika. Koma ichi chokha akadadzafunsa kwa ife.

Komabe ngakhale kumeneko analipo ena amene anadziwa mphamvu ya nthano pa mwana wodwala. Ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, kunabadwa mu 1850 mwana wa chifuwa chofooka, Robert Louis Stevenson, amene anatha miyezi yambiri ya ubwana wake pakama. Mlezi wake, Alison Cunningham, anamwerengera nkhani za m'Buku Lopatulika ndi za Ulendo wa Mkhristu. Ndipo usiku, chifuwa chikamletsa tulo, anamnyamula kumka naye pazenera kuti aone nyali zoyaka m'nyumba zina, nauzana kuti kapena momwemonso muli ana odwala akudikira kucha. Atakula, mu 1881, anajambula mapu a chisumbu chosakhalako, pofuna kusangalatsa mwana wa mkazi wake m'masiku a mvula. Ndipo m'mapu amenewo munatuluka buku lake lomveka la Treasure Island. Iye anakafera ku Samoa, pakati pa nyanja ya Pacific, mu 1894, kumene eni dziko anamtcha Tusitala, ndiko kunena wolemba nthano. Ndipo chipatala chija cha Great Ormond chinalandira mphatso yachilendo mu 1929, pamene J. M. Barrie anachipatsa phindu la nthano yake ya Peter Pan, yonena za ana otulukira pazenera usiku ndi kuuluka kumka ku chisumbu chakutali. Nthano ya maloto a ana inagulira ana mankhwala.

Tibwerere kwathu tsopano, koma tidzere ku Uganda, pakuti nthenda ina imene igoneka ana athu nthawi yaitali inazindikirika kumeneko. Dotolo wa ku Ireland, Denis Burkitt, amene iye mwini anataya diso limodzi ali mnyamata wa zaka 11, anagwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala. Mu 1957 anaonetsedwa kamnyamata kotupa nsagwada. Posakhalitsa anaonanso kena kotere, ndipo mu 1958 analemba za nthendayo, imene lero itchedwa ndi dzina lake. Ndiyo khansa yokula msanga, yotupitsa nsagwada, diso kapena mimba ya mwana. Pofuna kudziwa malire ake, mu 1961 iye ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale ya Ford, nayenda masabata 10, mamailosi ngati 10,000, naona zipatala zoposa 50, za ku Nyasaland zomwe. Paliponse anatulutsa zithunzi za ana otupa nkhope, nafunsa ngati otere aoneka pamalopo, ndi kumene achokera. Anapeza kuti nthendayo ichuluka m'malo otsika, otentha ndi achinyontho, monga m'mbali mwa nyanja yathu, nichepa kumapiri ozizira. Ndiwo malo omwewo a udzudzu ndi malungo. Mu 1964, ku London, Epstein, Achong ndi Barr anapeza kachilombo m'zotupa zotumizidwa kuchokera ku Kampala, koyamba kudziwika kuti kangathe kuutsa khansa mwa munthu. Ndipo chokondweretsa koposa, kunapezeka kuti chotupa ichi chimva mankhwala, nichiyamba kuphwa m'masiku owerengeka. Ana aja sanachoke pamakama pao, koma zithunzi zao zinayenda maiko, nizitsegula nzeru za madotolo a dziko lonse.

Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975, ndipo mu 1977 chinatsegulidwa chipatala chachikulu cha Kamuzu, chomangidwa ndi thandizo la dziko la Denmark. Chili mu Area 33, pakati pa mudzi wakale ndi City Centre, ndipo chilandira odwala amene zipatala za m'maboma a chigawo chapakati zawalephera. Malo ake ali nazo zodyetsa maganizo a mwana. Chapafupi pali nkhalango yosungidwa ya m'mbali mwa Lingadzi, ndipo afisi sanaleke kuyenda usiku pakati pa mzinda. Kumpoto, ku Lumbadzi, kuli bwalo la ndege lotsegulidwa mu 1983, ndipo ndege ikamveka m'mwamba, ana okhoza kudzuka athamangira pazenera, ndi otsala pakama afunsa kuti yaloza kuti. Kuseri kwa City Centre, mu Area 10, Area 12 ndi Area 43, muli nyumba za mipanda ya njerwa, ndi ana amene ndegezo anakweramo. Iwo akadwala, ambiri atengedwa ku zipatala zolipira, ena kufikira ku Joni kapena ku India. Koma ana odzaza zipinda za ku Central achokera ku Mchinji, ku Dowa, ku Ntchisi, ku Kasungu, ku Dedza, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Ndipo kwa ambiri a iwo Lilongwe ndilo dziko lakutali loyamba kuliona, ndi makwerero a chipatala ndiwo oyamba kuwaponda.

Zaka za m'ma 1990 ndi zotsatira zake zinali zowawa, ndipo ndidutsapo msanga, pakuti palibe banja pakati pathu losazikumbukira. Edzi inadzaza zipinda, ndipo m'dzinja, malungo akachuluka, ana awiri kapena atatu anagona pakama pamodzi. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo mu 2006 a Baylor, ochokera ku Texas, anatsegula nyumba yao ya ana pabwalo lomwelo la Central. Iwo anaona kuti mnyamata kapena mtsikana wodziyesa ali yekha aleka msanga kumwa mankhwala. Chotero anasonkhanitsa achinyamata otere mu Teen Club, kuti Loweruka azikomana, kusewera, kuimba ndi kuchita zisudzo, ndi kuonana ndi dotolo pa tsiku lomwelo.

Koma pamene nkhani iyi ilemera koposa ndi m'chipinda cha ana a khansa. Mankhwala a khansa saperekedwa kamodzi. Aperekedwa, mwana apumula, naperekedwanso, kwa masabata kapena miyezi, ndipo khansa ina ya m'magazi ifuna zaka zoposa 2. Achititsa mseru, athothola tsitsi, ndi mitsempha ya m'manja itopa ndi singano. Tsono ganizirani mai uja wodikirira. Wasiya ana ena kumudzi, wasiya nkhuku ndi mbuzi. Mvula yoyamba yagwa, anzake abzala, munda wake uli chikhalire. Ndalama imene anadza nayo yatha. Apenya mwana wake, naona kuti chotupa chija chaphwa ndi mankhwala oyamba, nkhope yabwerera. Mbandakucha wina ambereka kumbuyo, natuluka mwakachetechete. Patapita miyezi chotupa chibweranso, ndipo kachiwiri sichimva mankhwala monga poyamba. Ndani wa ife angamdzudzule mai ameneyu? Madotolo a ku Queen Elizabeth ku Blantyre, mwa iwo Elizabeth Molyneux ndi Trijn Israels, anakhala pansi ndi magadiyani kuwafunsa za ichi, nalemba zimene anamva mu 2008. Anapeza kuti makolo afunitsitsa kuti ana ao achire, koma alemedwa ndi ndalama za ulendo, ndi zakudya, ndi kukhala kutali ndi kwao. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linena kuti m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 odwala khansa achira, koma m'maiko ambiri osauka safika 30. Ndipo mu 2018 linaika cholinga chakuti pofika 2030 achire 60. Mu 2017 a chipatala cha ana cha ku Texas ndi anzao anayamba ntchito yotchedwa Global HOPE, m'maiko a Botswana, Uganda ndi Malawi, yophunzitsa madotolo ndi anamwino a khansa ya ana, ndipo kuno kwathu ntchitoyo inakhazikika ku Central.

Sindinena kuti pepala ndi pensulo zichiza khansa. Ndikatero ndinama, ndipo wonena zotere kwa mai wosauka amchimwira. Chochiza ndi mankhwala omwedwa kufikira mapeto, ndi chakudya, ndi ndalama yobwerera nayo pa tsiku loikika. Koma ndinena chimene maso anga aona, kuti mwana amene ali pakati pa ulendo, amene basi yake ya katoni iyenera kufika ku Harare mawa, apereka dzanja lake kwa namwino mosavuta kuposa wongopenya denga; ndi kuti mai amene wamva mwana wake akuseka apeza mphamvu yakukhalanso sabata lina. Ndipo sabata linalo nthawi zina ndilo lisiyanitsa kuchira ndi kubwerera kwa nthenda.

Ophunzira anayesa ichi ndi muyeso wao pa ana onyentchera. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, Sally Grantham-McGregor ndi anzake anatenga ana opinimbira 129 mu 1986 ndi 1987. Ena mwa iwo anawayendera kunyumba sabata ndi sabata kwa zaka 2, kuphunzitsa amai ao kusewera nao ndi zidole zopangidwa ndi zinthu zotayidwa. Patapita zaka 20 anawafunanso, napeza kuti oseweretsedwa aja analikulandira malipiro oposa a anzao ndi gawo limodzi la magawo 4. Nalonso buku la WHO la mu 1999, lolangiza za kusamala ana onyentchera koopsa, liika masewera ndi chikondi pakati pa zinthu zochiritsa, pamodzi ndi mkaka ndi mankhwala. Chotero mukalowa m'chipinda cha ana opatsidwa chiponde ndi Likuni Phala, ndi kupeza chitini cha timiyala cholira ngati chisekese, kapena chidole cha nsanza, musayese kuti anamwino asowa chochita. Dziko lathu linavomerezanso mu 1991 pangano la United Nations la mu 1989 la ufulu wa ana, m'mene kusewera kwalembedwa ngati choyenera mwana aliyense. Ndipo silinena kuti wodwala achotsedwepo.

Zopangira maulendo amenewa sizigulidwa m'sitolo. Katoni ya mankhwala isanduka basi, zitsekerero za mabotolo zikhala mateyala. Chubu cha dripu chotha ntchito, amai ena achiluka nsomba kapena kadengu. Pepala lolembedwa mbali imodzi lipindidwa kukhala ndege. Masiku ano foni ya m'manja ya gadiyani mmodzi isonkhanitsa ana a chipinda chonse, mitu pamodzi, kupenya mpira wa ku England kapena zinyama za m'nyanja yamchere. Ine, amene ndinakulira pa sileti, ndili ndi mau anga pa mafoni amenewa. Koma ndaona kuti moto wake ukatha, ana aja apitiriza okha nkhani imene inadukira pakati, aliyense kuonjezapo zake, monga momwe tinkachitira pa nthano za agogo.

Pali chinthu china chimene ndinachizindikira mochedwa, angakhale ndapenyerera zojambula za ana zaka zambiri m'kalasi. Mukapatsa pepala mwana amene wangofika kumene m'chipatala, ajambula ndege ya mazenera ambiri, kapena sitima ya pamadzi, angakhale nyanja sanaione. Ajambula America wa nyumba zofika kumitambo, pakuti wamva kuti madotolo ena achokera kumeneko. Koma mukapatsa pepala lomwelo amene wakhala miyezi 3 kapena 4, dzanja lake lipita kwina. Ajambula nkhokwe, ndi khola la mbuzi, ndi mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba; ajambula mjigo ndi atsikana a ndowa pamutu, ndi mng'ono wake amene anamsiya akukwawa. Kwa iye dziko lakutali koposa onse, losafikika ndi ndege iliyonse ya ku Lumbadzi, lasanduka mudzi wa kwao, umene uli mtunda wa maola awiri pa minibasi. Akaona mlendo wochokera chakwao safunsa za Joni. Afunsa ngati chimanga chamasula, ndi ngati anzake alowa kale Sitandade 4.

Ndipo basi ija ya mbale ya nsima itembenuka. Kondakitala aleka kuitana a ku Tete ndi a ku Harare. Aitana a ku Mpingu, a ku Msundwe, a ku Namitete, a ku Kamwendo. Woyendetsa aima pa siteji yopanda dzina, pamene pali mtengo wa mkuyu ndi amai ogulitsa tomato, natsika, nayamba wapansi ndi zala ziwiri pamwamba pa bulangete. Apa, ati, ndi pachigayo. Apa ndi padambo, pamene ng'ombe za amfumu zimwera. Apa mpamene galu wao adzamchingamira. Amai ake, amene anakhala chete pansi akusenda mbatata ya madzulo, atukula mutu, nati, "Iwe, walumpha mlatho wamitengo uja." Mwanayo abweza zala zake pambuyo, naoloka bwinobwino.